Kutentha ndi kuzizira koopsa: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso awa amabwera kawiri pachaka. Mu Okutobala, malata akayamba kuthetheka masana ndipo anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa akugona pakhonde, anthu amafunsa za kutentha. Mu Juni, chiperoni chikakuta Thyolo ndi Mulanje, ana a ku Dedza akupita kusukulu manja ali m'khwapa, amafunsa za kuzizira. Ndawaika pamodzi chifukwa thupi lake ndi limodzi, ndipo chizindikiro choopsa kwambiri m'nyengo zonse ziwirizi n'chofanana.

Kodi thupi la munthu liyenera kutentha bwanji?

Mkati mwa thupi la munthu wathanzi mumakhala madigiri 37 kapena pafupi pamenepo, kaya munthuyo ali ku Ngabu masana a Novembala, kaya ali pa Nyika m'bandakucha wa Julayi. Mpata wake ndi wochepa zedi. Mukakwera kupyola 40, ubongo umatha kuyamba kusokonezeka. Mukatsika kupyola 35, thupi layamba kugonja ku chisanu. Amene amalondera zonsezi ndi kachigawo kakang'ono ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus, kamene kamalamula kuti thukuta lituluke kapena kuti munthu anjenjemere.

Tisaiwale kuti thupi lili ndi moto wakewake. Nsima imene tadya imasanduka mphamvu, ndipo minofu ikamagwira ntchito, gawo lalikulu la mphamvuyo limasanduka kutentha. N'chifukwa chake wolima ndi wokhala pansi pa mtengo wa mango, ngakhale ali m'munda umodzi, sali pa ngozi yofanana.

Kunja kukatentha kwambiri, thupi limadziziziritsa bwanji?

Lili ndi njira ziwiri. Yoyamba, mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti magazi otentha ochokera mkati afike kunja n'kutaya kutenthako. Apa mtima umagwira ntchito yowonjezera, umagunda mothamanga, ndipo munthu akadzuka mwadzidzidzi amachita chizungulire chifukwa magazi ambiri ali kukhungu. Njira imeneyi imathandiza mpweya ukakhala wozizirirapo kuposa khungu. Kunja kukapyola madigiri 35, imakhala yatha ntchito.

Yotsala ndi thukuta. Koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi. Lomwe likungoyenderera n'kumadontha pachibwano ndi madzi otayika chabe. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amatha kutaya lita imodzi kapena kuposa pa ola limodzi, ndipo mcherenso umatuluka nawo. Mwaonapo mizere yoyera pa malaya a wakabaza madzulo. Umenewo ndi mchere wa m'thupi mwake.

N'chifukwa chiyani tsiku lachifundizi limatopetsa kuposa la dzuwa loswa mtengo?

Chifukwa mpweya umakhala wakhuta kale chinyezi, ndiye thukuta siliuma. Masiku oyandikira mvula yoyamba, makamaka kunyanja ndi m'chigwa cha Shire, madigiri 35 achifundizi akhoza kuvulaza kuposa madigiri 40 a mphepo youma.

Ndingadziwe bwanji kuti kutentha kwafika poopsa?

Kumayamba pang'onopang'ono: ludzu, mutu, kufooka, minofu ya m'miyendo kapena ya pamimba kukokana. Kenako nseru, chizungulire, thukuta lambiri, khungu lonyowa, mkodzo wochepa komanso wachikasu kwambiri. Mpaka apa munthu amakhala akudziwa dzina lake ndi kumene ali. Mukamuika pamthunzi, n'kumumasula zovala, kumupatsa madzi ndi kumupumitsa, kawirikawiri amayamba kupeza bwino pasanathe theka la ola. Ngati sakusintha, pitani naye kuchipatala.

Malire ake ali m'mutu. Munthu akayamba kuyankhula zosagwirizana, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa, kugwa ngati wakhunyu kapena kukomoka, ndiye kuti mkati mwapyola madigiri 40 ndipo ubongo, chiwindi ndi impso zayamba kuwonongeka. Madokotala amati heat stroke. Musadikire kuti thukuta lileke kutuluka ayi. Wachinyamata amene wagwa ali pantchito nthawi zambiri amakhala adakali thukuta kamukamu.

Ndinaziona ndi maso pa maliro ena mu Okutobala. Adzukulu anayamba kukumba manda dzuwa litakwera kale, nthaka ili gwa ngati mwala. Mnyamata wina atatuluka m'dzenje anakhala pa mulu wa dothi, n'kuyamba kufunsa za mbuzi zimene palibe anazitchula, khasu likumupulumuka m'manja. Ena anati waledzera, ena ananong'onezana za mizimu. Mayi wina amene anabweretsa madzi ndiye anamugwira pakhosi n'kukuwa kuti mwanayu akupsa. Anamukhuthulira ndowa yonse, ena n'kuthamangira ina kumjigo. Anachira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mphindi zimene tinataya tikukambirana ngati wamwa kapena ayi.

Munthu akagwa ndi kutentha, ndichite chiyani?

Muziziritseni pomwepo, musanayambe n'komwe kufunafuna galimoto. Munyamulireni pamthunzi, muvuleni zovala zokhuthala, muthireni madzi ozizira thupi lonse ndipo muzimukupiza ndi lichero, katoni kapena chilichonse. Ngati pali bafa lalikulu, muviikeni mpaka m'khosi wina atamugwira mutu. Zitenje zonyowa zimathandiza mukamazisintha pafupipafupi; chikakhalitsa chimafunda n'kusanduka chofunda. Ngati wasokonezeka kapena wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe, mugonekeni cham'mbali. Wina athamangire thiransipoti, ndipo panjira popita kuchipatala pitirizani kumuthira madzi.

Nanga ndisiyanitsa bwanji ndi malungo? Kodi Panado sangathandize?

Kunyumba n'kovuta kusiyanitsa, ndipo zonse ziwiri zikhoza kumugwira munthu nthawi imodzi. Malungo aakulu nawonso amasokoneza mutu ndi kukomola. Choncho musataye nthawi n'kulota matenda: chitani zimene tanena m'funso lapitali, akamuyeze magazi kuchipatala.

Panado amathandiza pa malungo chifukwa pamenepo ubongo ndi umene wakweza dala kutentha kwa thupi, ndipo mankhwalawo amaubweza. Kwa munthu amene wapsa ndi dzuwa ubongo sunakweze kanthu, wangogonja. Panado sangamutsitse kutentha, ndipo akhoza kulemetsa chiwindi chimene chavulala kale.

Ndizimwa madzi ochuluka bwanji?

Mkodzo ndiwo ungakuuzeni. Ukakhala woyererako, muli bwino. Ukakhala wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, mwatsalira. Wogwira ntchito padzuwa azimwa kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osati kudikira masana n'kugugudiza chigubu chonse kamodzi. Wotuluka thukuta tsiku lonse azidyanso bwino kuti abweze mchere. Thobwa ndi phala lamadzimadzi zimathandiza. Minofu ikamakokana, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi, osasefukira. Mowa sulowa m'malo mwa madzi, umakodzetsa.

Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi ngakhale kutenthe bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Angoyamwa pafupipafupi, ndipo mayi ndiye amwe kwambiri. Amene adokotala anawachepetsera madzi chifukwa cha mtima kapena impso afunse kuchipatala asanawonjezere.

Koma ife tinabadwira m'dzuwa. Kodi si nkhani ya azungu imeneyi?

Kuzolowera kulipo ndithu. Munthu akakhala kotentha kwa sabata imodzi kapena ziwiri, thukuta limayamba kutuluka msanga, lambiri, lokhala ndi mchere wochepa. N'chifukwa chake mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene wangotumizidwa ku Bangula ayenera kuyamba pang'onopang'ono masiku oyambirira. Koma kuzolowera kuli ndi polekezera. Mu Juni 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hajj ku Mecca kutentha kutapyola madigiri 50, ndipo ambiri anali ochokera kumayiko otentha. Khungu lakuda limateteza pang'ono ku kupsa ndi cheza cha dzuwa, koma silitchinga kutentha kofika ku ubongo.

Ku Ulaya mu 2003 kutentha kunapha anthu oposa 70,000, ambiri a iwo okalamba okhala okha. Kwathunso oyamba kugonja ndi amene sangadzinenere kapena kudzisuntha: agogo amene ludzu samalimvanso bwino, makanda, odwala ogona, a matenda a shuga, a mtima ndi a impso, amayi oyembekezera. Ena mwa mankhwala a BP amakodzetsa, ndipo ena a matenda a m'maganizo amachepetsa thukuta. Musasiye kumwa, koma funsani adokotala mmene mungasamalire. Abale athu achialubino ali ndi vuto lina lowonjezera, dzuwa limawawotcha khungu mpaka kuyambitsa khansa, ndiye chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza kudzuwa n'zofunika tsiku lililonse. Ndipo mwana asasiyidwe m'galimoto yoima ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale galasi litatsitsidwa pang'ono.

Kodi kugwira ntchito padzuwa zaka zambiri kumasiya chilema m'thupi?

Impso ndi zimene zimalipira. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador amuna ambiri odula nzimbe, achinyamata opanda shuga kapena BP, apezeka ndi impso zowonongeka, ndipo akatswiri ambiri amaloza kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi kobwerezabwereza ngati chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Kumeneko aona kuti mthunzi, madzi ndi kupuma pa nthawi zoikika zimachepetsa kuvulala kwa impso. Phunziroli likukhudza aliyense wodula nzimbe, woumba njerwa, wophwanya miyala kapena wopalasa kabaza. Makolo sanalakwe polawirira kumunda m'bandakucha n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo.

Usiku m'nyumba yamalata simugoneka. Titani?

Usiku wotentha ndi woopsa chifukwa mtima supeza mpata wopuma. Sambani madzi ozizira musanagone, nyowetsani chitenje mufunde, tsegulani mawindo dzuwa likalowa. Mukasankha kugona pakhonde, neti ipite nanu. Fani imathandiza, koma m'nyumba mukapyola madigiri 40 imangokuuzirani mpweya wamoto, pokhapokha khungu litanyowetsedwa. Amene angathe aike siling'i, ngakhale ya mphasa, kapena apake malata penti yoyera.

Kwathu kulibe sinoo. Kodi kuzizira kungaphe munthu ku Malawi?

Kungaphe, ndipo sikufuna kuti madzi aundane. Chimene chimapha ndi kuzizira kophatikizana ndi kunyowa ndi mphepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Msodzi amene bwato lamugudubukira ndi mwera usiku wa Julayi, munthu amene wagona mumtengo madzi osefukira atamuzinga monga zinachitikira ambiri nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, woledzera amene wagona m'ngalande, onsewa akhoza kutsika pansi pa madigiri 35. Kumapiri n'koposa: pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ali pa mamita 3,002. Munthu amanyamuka ku Likhubula atavala malaya okha, nkhungu n'kumupeza pamwamba.

Mwana wonyentchera amazizidwa msanga kuposa wina aliyense, chifukwa alibe mafuta ofunda nawo ngakhale chakudya chosonkhezera moto wa m'thupi.

Zizindikiro zake n'zotani, ndipo ndimuthandize bwanji?

Poyamba thupi limalimbana: tsemwe, mano kugundana, kunjenjemera kumene ndi minofu ikupanga kutentha, zala kuchita dzanzi chifukwa magazi athawira mkati. Zikapitirira, munthu amalephera kumanga batani, mawu amalemera, amadzandira, amangofuna kugona. Monga tanenera pa kutentha, mutu ukasokonezeka ndiye kuti zafika poipa. Kunjenjemera kukaleka munthu adakali pozizira, musati wapeza bwino, mphamvu zamuthera. Ena amafika povula zovala akumva ngati atenthedwa. Mkati mukatsika pansi pa madigiri 28, mtima ukhoza kuima nthawi iliyonse.

Mulowetseni m'nyumba, muvuleni zonyowa, mupukuteni, mumuyalire pansi chifukwa simenti ndi dothi zimayamwa kutentha. Mufunditseni pachifuwa, pamsana ndi kumutu, ndipo wina akhoza kulowa naye m'bulangeti. Ngati akuyankhula bwino ndi kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga kapena phala. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuviike m'madzi otentha, musamuyandikizitse kumoto chifukwa khungu ladzanzi limapsa iye osamva. Munyamuleni mosamala, chogona, osamugwedeza, mpaka kuchipatala.

Kodi kachasu safunditsa?

Amanamiza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, munthu n'kumva kutentha kumaso pamene mkati mukuzizira. Umachepetsanso kunjenjemera, n'kuchotsa nzeru zoti munthu adzuke alowe m'nyumba. Alonda ndi asodzi, chonde, tengani fulasiki ya tiyi.

Bwanji kulowetsa mbaula m'chipinda usiku?

Ayi, ngakhale usiku umodzi. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso. Makala amene afiira bwino, utsi utatha, amautulutsabe. Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa oxygen, mpweya wabwino umene thupi limafuna, ndiye magazi amayenda koma sanyamula chimene ubongo ukufuna. Wamaso amamva mutu, nseru ndi kufooka. Wogona sadzuka.

Ngati anthu a m'chipinda chimodzi onse adzuka ndi mutu ndi kusanza, nkhani si ndiwo zadzulo ayi: tsegulani zitseko, atulutseni panja, pitani nawo kuchipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. Abale amene ali ku Johannesburg, kumene Juni ndi Julayi amaluma kuposa kwathu ndipo mu Julayi 2023 kunagwa sinoo, chenjezo ndi lomweli m'tizipinda tamalata timene mumamata mipata yonse ndi mapepala. Jenereta nayonso isalire m'nyumba. Othani moto panja kapena pakhonde, muuzime, mukafunde.

Pamoto womwewo yang'anirani ana oyamba kuyenda ndi aliyense wodwala khunyu. M'miyezi yozizira ndi mmene ambiri a iwo amagwera pamoto.

Khanda langa lobadwa kumene ndilisamale bwanji m'nyengo yozizira?

Khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Silitha kunjenjemera ngati wamkulu, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo limazizidwa ngakhale m'chipinda chimene inu mukumva bwino. Likangobadwa lipukutidwe, ligonekedwe pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, livekedwe chipewa, liyamwe. Kulisambitsa kudikire maola 24. Ndikudziwa kuti agogo ena sakondwa nazo, koma afotokozereni mofatsa. Gwirani kumapazi: kukazizira, liikeni pachifuwa. Likaleka kuyamwa kapena likafooka, thamangani kuchipatala, chifukwa kwa khanda kuzizira thupi kukhoza kukhala chizindikiro cha matenda aakulu monga mmene kutentha thupi kulili.

Kwa wobadwa masiku asanakwane, chifuwa cha mayi, cha bambo kapena cha azakhali ndi mankhwala enieni. Njira imeneyi yofungatira khanda pachifuwa, yotchedwa kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, ndipo kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Koma musapyole muyeso: mu Okutobala khanda lokulungidwa mabulangeti atatu limatenthedwa.

Kodi kuzizira ndi kumene kumayambitsa chimfine ndi chibayo?

Zimayamba ndi tizilombo, koma kuzizira kumatitsegulira njira. Anthu amaunjikana m'nyumba zotseka, utsi umakwiyitsa mapapo, ndipo mphuno yozizira sitchinga bwino. Mpweya wozizira umadzutsa mphumu. Mitsempha ikafinyika BP imakwera, n'chifukwa chake matenda a mtima ndi sitiroko amachuluka m'nyengo yachisanu. Agogo a BP asasambe madzi ozizira m'mamawa wa Juni. Kwa mwana wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, kuzizira ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zonse ziwiri zimadzutsa ululu wa m'mafupa, ndiye amafuna juzi mu Juni ndi botolo la madzi mu Okutobala.

Ndikupita ku UK kapena ku Canada. Akuti zala zimatha kuduka ndi chisanu, n'zoona?

N'zoona, kukazizira kupyola pamene madzi amaundana, makamaka kukakhala mphepo. Madzi a m'minofu ya zala, makutu ndi mphuno amaundana. Pamayamba kulasalasa, kenako dzanzi, khungu n'kuuma gwa n'kutuwa. Pa khungu lakuda mtundu suoneka msanga, ndiye khulupirirani dzanzilo. Musatikite, musaotche pa hita. Viikani m'madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chikhoza kupirira bwinobwino, kwa theka la ola, ndipo pitani kuchipatala. Valani zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi, magolovesi, chipewa ndi masokosi ouma. Ku Canada ngozi imeneyi ndi yaikulu kuposa ku UK, kumene chovutitsa kwambiri ndi nyumba yozizira yachinyezi imene munthu akuopa kuyatsa hita chifukwa cha bilu.

Tikapeza munthu wozizira kwambiri, wosaoneka kupuma, ndiye kuti wamwalira?

Musafulumire kulira maliro. Thupi likazizira kwambiri, mtima umagunda pang'onopang'ono komanso mofooka moti simungaumve ndi chala, ndipo ubongo wozizira umafuna oxygen wochepa. Mu 1999 ku Norway, dokotala wachitsikana Anna Bågenholm anagwera mu mtsinje woundana n'kukhala pansi pa ayezi mphindi 80. Atafika naye kuchipatala cha Tromsø mkati mwa thupi lake munali madigiri 13.7, mtima utaima. Anamufunditsa magazi ndi makina, mtima unayambanso kugunda, ndipo patapita nthawi anabwerera kuntchito yake ya udokotala.

Makina otero sapezeka paliponse, ndipo si onse amene amabwerera. Komabe munthu wovuulidwa m'madzi kapena wopezeka panja m'mamawa ali zii, muvuleni zonyowa, mufunditseni, munyamuleni chogona monga tafotokozera pamwambapa. Ngati sakupuma ndipo pali wodziwa kupopa pachifuwa ndi kuuzira mpweya, ayambe pomwepo ndipo asaleke mpaka mutafika kuchipatala.